Chimbale Chachikasu Chapanduka

Zaka zitatu chimbale ichi sichinandinamizepo.
Ndikachiponya ndi mkono wamanja
chimayenda molunjika ngati msewu wa ku Seke,
mphamvu zikachithera n'kupendekera kumanzere,
n'kutera phee pafupi ndi dengu la maunyolo.
Ndinkatha kuchituma nditatsinzina.

Loweruka lapitali, pa dengu lachinayi,
chinakhotera kumanja.
Osati pang'ono ayi,
chinagadabuka m'mwamba ngati nkhuku ya chitopa
n'kukagwera kudambo, pa lupsa,
pomwe mayi wina amasosa kamunda kake.
Anachitola ndi zala ziwiri, nandiyang'ana
monga muja tiyang'anira bambo wamkulu woseweretsa mbale.

Garikai anaseka mpaka kugwira mawondo.
Ati ndi mphepo ya Ogasiti iyi, mudhara,
ikakuwomba kumaso chimbale chimatembenuka.
Ndinazula udzu wouma n'kuuponya m'mwamba.
Unagwera pa nsapato zanga.

Wina wa ku Marlborough, wa chikwama chodula,
anati Harare ali pamtunda, mpweya ngwopepuka,
zimbale siziuluka monga zichitira kumunsi.
Ndinamufunsa, kodi mzindawu wakwera usiku wathawu?

Ndiye ndinayamba kukayikira thupi langa.
Sabata yonse ndimawotcherera zipata ku Gazaland,
madzulo dzanja limauma ngati chikuni,
ndipo zaka makumi anayi ndi zisanu si msinkhu wa mwana.
Mwina ndikupinda mkono. Mwina phazi likufulumira.
Garikai anandijambula pa foni yake yosweka galasi,
tinakhala pansi pa mtengo wa msasa
n'kumaonera ineyo kasanu ndi kawiri:
mphuno ya chimbale ili pansi bwinobwino,
chikuchoka m'zala osagwedera,
chigongono chili pomwe chimakhala.
Mimba yokha ndiyo ndinaiona kuti yakula.

Anandibwereka chake chofiira.
Chinapita, chinapendekera kumanzere, chinatera.
Choncho mkono ulibe mlandu.

Kunyumba, ku Highfield, magetsi atapita kwawo,
ndinachigoneka pa galasi la tebulo
n'kuchiunika ndi tochi.
Ndikachidina uku, uko chikudzuka,
gwede, gwede, ngati mpando wa mwendo waufupi.
M'mphepete mulibe bala la mtengo,
koma pamsana pali chidindo cha makona anayi
ndi kafumbi kofiira.

Zelipa anaima pakhomo, chala m'kamwa,
mano awiri akutsogolo palibe.
Sindinamufunse. Anayamba yekha.
Lachinayi m'mawa kunazizira, ababa,
amayi anawiritsa madzi osamba,
chivundikiro cha ndowa chinasowa,
ndiye ndinavundikira ndi mbale yanu ija
kuti madzi anu asazizire.
Imafuna kugwa, ndiye ndinaikapo njerwa.

Madzi aja ndinasamba ndine.
Ndikukumbuka kuti anali otentha bwino,
ndinayamikanso.

Garikai akuti chiviike m'madzi otentha kachiwiri,
uchipanikize ndi mabuku, chibwerera.
Wa ku Marlborough akuti taya, ali ndi china chogulitsa,
madola makumi awiri.
Ine sindinachite chilichonse mwa izi.

Pali dengu lachisanu ndi chiwiri,
lobisala kuseri kwa misasa itatu,
njira yake yokhotera kumanja,
lomwe kwa zaka zitatu landidyera zoponya zinayi, zisanu.
Lamulungu ndinaima pamenepo ndi chachikasu chopindikacho,
ndinachiponya monga ndichitira masiku onse.
Chinanyamuka, chinagona chammbali,
chinazungulira mitengo ija ngati kombi yozemba apolisi,
n'kutera mapazi asanu kuchokera pa dengu.

Mapazi asanu okha.
Manja ananjenjemera, ndinaphonya,
unyolo umodzi wokha unalira ngwee.

Chimbale ndachilemba kumimba ndi inki yakuda:
cha kumanja basi.
Ndowa ija mpaka lero ilibe chivundikiro,
ndipo chikwama changa chimagona pamwamba pa kabati
pomwe Zelipa safikira, ngakhale atakwera pa mpando.